Mawilo Osankha ndi Supuni

Dzuwa la mu Julaye linapinda mawilo a kasitima koseweretsa. Anali apulasitiki. Nason anawapeza atakhota, mabogi atatu atagwera m'maluwa.

Nyumba ya ku Jumeirah, kudziko la Aluya, inali zii. Adona anatsekeredwa kwawo ndege zitaima. Bwana Pieter, eni ake kasitima ka m'dimbamo, anali m'chipatala sabata yachitatu, korona itawagwira pachifuwa. Nason, wosamalira maluwa, anatsala yekha ndi mapaipi othirira.

Lachiwiri kunabwera uthenga. Analemba ndi nesi. Bwana akufuna kumva sitima yawo pafoni Lachisanu, folo koloko. M'shedi muli bokosi la mawilo achitsulo, mitundu iwiri. Nason asankhe yekha.

Analitsegula. Mtundu wina unali ndi kamphira kakuda pakati. Winawo chitsulo chokhachokha.

Malemu bambo ake ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe. Ankayenda m'mbali mwa mabogi ndi kanyundo, kugogoda wilo lililonse. Labwino limalira, ankatero. Long'aluka limangoti phi. Nason anatenga supuni. Lamphira lija linati phi. Linalo linati ngwee, mpaka anatseka maso. Kusankha kunathera pomwepo.

Masiku awiri akuchotsa, akuika. Thukuta likudonthera pazala. Wolankhula naye panalibe.

Lachisanu masana anayatsa. Kabokosi kamagetsi koyendetsa sitimayo kanati thu. Fungo la waya wopsa. Injini sinasunthe.

Anaimbira Kizito, mnzake wokonza magetsi wa ku JVC, dera lina la mumzindamo. Anali asanaonane kuyambira Malichi.

"Aise, magetsi a sitimayo amayenda m'njanji, eti?" anafunsa Kizito.

"Eya."

"Ndiye iwe walumikiza njanji ziwirizo ndi chitsulo. Kamphirako kanali koletsa zimenezo. Mawilo mpaka kusankha ndi supuni, ngati ukulawa ndiwo?"

"Ndiuze chochita, osati kundiseka."

"Khalas, basi, kabokosiko kapsa. Lolemba ndikusakira kena, inshallah."

"Akuimba folo koloko. Lero."

Kizito anasiya kuseka. "Ayi, pamenepo ndilibe nzeru, achimwene."

Foni inalira nthawi yake. Nesi anati bwana sangalankhule zambiri, koma akumva. Kumbuyo kwake makina ankapuma ngati munthu.

Nason anachotsa injini panjanji. Foni anaigoneka m'bogi yoyamba. Anagwada pamiyala yotentha, nakankha ndi dzanja. Mabogi anayenda. Mawilo anayamba kuimba, kete-kete, kete-kete, pamalumikizo onse. Anakwawa nawo kudutsa kamlatho, kuzungulira mtengo wa kanjedza, kuseri kwa thanki. Mawondo ankapsa. Iye ankamva sitima ya ku Balaka ikutuluka mu Limbe, bambo ake ataima kumbali, kanyundo paphewa.

Anafika pomwe anayambira. Anadikira.

"Nason." Mawu a bwana anali aang'ono, odukaduka. "Injini sindikuimva."

"Kabokosi kapsa, bwana. Ndawotcha ndine. Ndikukankha ndi manja."

"Wasankha opanda mphira."

"Inde, bwana."

Makina aja anapuma kawiri, katatu.

"Ndi olakwika," anatero bwana. "Koma akulira bwino. Zungulitsanso."

Anazungulitsa. Atafika pakamlatho anaona kuti foni yadima. Kaya ndi nesi anadula, kaya ndi kutentha. Anaiyang'ana pang'ono. Kenako anagwira bogi yomaliza, napitiriza kukwawa. Kuthanki anali asanafike.