Chaka Chimene Atuganile Anataya

Atuganile anabwerera kwawo ku Tukuyu kuchokera ku yunivesite ndi katundu wake yense, sukulu isanatseke. Bambo ake, a Mwakatobe, anamupeza pakhonde maso ali psu.

"Akuchotsa?"

"Ayi, Baba, ndachoka ndekha. Uinjiniya wa makompyuta timaphunzira pa bolodi. Makompyuta ambiri ndi akufa, otsalawo timachita kulimbirana. Tsopano tamva kuti maphunziro athuwo boma silinawavomereze. Digiri yake palibe adzaiyang'ane."

Yunivesite ya ku Dar es Salaam imeneyo anasankha ndi a Mwakatobe, ataona pa foni kuti ndi nambala wani m'dziko lonse. Mwana atapempha kuti afufuze kaye, anamukalipira. Anagulitsa munda wa nthochi wa kumtsinje kuti alipire fizi, n'kuyamba kudzitama kutchalitchi.

M'mawa mwake kunabwera Mayi Sanga, neba wawo, amene amaphunzitsa kusekondale. Atamva nkhaniyo anagwira pakamwa.

"Koma inu a Mwakatobe! Ng'ombe mumaiyang'ana mpaka mano musanagule. Sukulu ya mwana mwagula pa foni?"

"Analemba kuti nambala wani, aphunzitsi."

"Analemba ndani?"

A Mwakatobe anayang'ana pansi. Atuganile anayankha motsitsa mawu kuti analemba ndi eni sukuluyo.

"Ngakhale mndandanda woona suuza zonse," anatero Mayi Sanga. "Yunivesite ikhoza kutchuka chifukwa cha udokotala, za makompyuta zili zofooka. Yambani mwafunsa ku bungwe la boma loyang'anira mayunivesite ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka. Kenako pitani mukaone chipinda cha zipangizo ndi maso anu. Mukacheze ndi ophunzira, osati a mu ofesi okha. Aphunzitsi amabwera? Amene anamaliza ali kuti?"

"Mukanandiuza chaka chatha," anatero a Mwakatobe.

"Mukanandifunsa? Munali pa bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, kulengeza m'tauni monse."

Onse anaseka pang'ono, koma a Mwakatobe anapukuta m'maso.

Ulendo uno anayenda awiri, Atuganile ndi bambo ake. Anayerekeza mayunivesite atatu ovomerezeka, ndipo wofunsa mafunso anali Atuganile. Pa ina yosatchuka kwenikweni anapeza ophunzira atamasula makina, nthambo zili mbwee patebulo, mphunzitsi ali pakati pawo.

"Pano, Baba."

"Pomwepo, mwanangu. Lero sindilankhula."

Atuganile anayambiranso chaka choyamba, anzake a kusekondale ali patsogolo. Zinamuwawa, koma analimbikira. Pano anamaliza, ndipo akugwira ntchito pa kampani ya mafoni ku Mbeya.

A Mwakatobe amanyadira, komabe makolo anzawo akabwera kudzafunsa nzeru sabisa kanthu. "Ine ndinamudyera mwana wanga chaka chathunthu chifukwa cha nambala ya pa foni," amatero. "Musamasankhe yunivesite poona dzina kapena nambala yokha. Tsimikizani kuti maphunzirowo ndi ovomerezeka, kaoneni nokha, ndipo mumvereni mwana amene akukaphunzirayo."