Pikapu ya Atsibweni

"Kankhani! Kankhaninso, yatsala pang'ono!" anakuwa Brighton ali pachiwongolero.

Amuna anayi anakankha pikapu ija mpaka pachulu. Inatsokomola kawiri, nkulavula utsi wakuda bii, kenako inalira. Ana anabalalika, amayi nkuimba nthungululu. Lilian, mkazi wa Brighton, anavina atamanga chitenje m'chiuno.

Emmie, mkulu wake wa Lilian, sanaleke kupeta nandolo wake.

Galimotoyo inali ya malemu atsibweni awo, ndipo anaisiyira Emmie ndi Lilian. Zaka zisanu ndi zitatu inangokhala panjerwa kuseri kwa nyumba ya Emmie ku Nselema, nkhuku zikuikiramo, makoswe akudya mawaya. Hilary, mwamuna wa Emmie, bambo a Mtendere, wakabaza, ankangoidutsa ngati chitsa. Ndiye kunabwera Brighton, makanika wa ku Balaka, yemwe anali asanathe ndi chaka chomwe pachikamwini. Loweruka lililonse ankafika ndi kachitsulo m'chikwama: lero mapulagi, sabata inayo sitata. Thanki anaithira timiyala ta kumtsinje nkuikhutchumula mpaka dzimbiri lonse linatuluka.

M'mawa mwake kumjigo, mai Dorica sanachedwe.

"Ana a mimba imodzi, koma mwayi ndi wosiyana. Lilian anakwatiwa ndi manja, Emmie anakwatiwa ndi miyendo!"

Amayi anafa nazo kuseka. Emmie anasekako, koma ndowa anaisenza isanadzaze. Njira yonse ankangoona Lilian atakhala kutsogolo, chigongono pawindo, akubayibitsa anthu a pa Ntaja, iye ali pakaliyala ya njinga, mwana kumbuyo, fumbi m'kamwa.

Madzi atatula, analunjika kwa achimwene awo a Lloyd, mwini mbumba.

"Achimwene, chuma cha atsibweni chikupita mukuona. Mkamwini wadzana lomweli wagwira kale makiyi. Kodi tambala wachilendo amalira pamudzi pa eni? Mawa mudzamva kuti galimoto ili ku Balaka, kwa abale ake."

A Lloyd anakanda m'mutu. "Koma mlamuyu anandipempha asanayambe."

"Anapempha kukonza. Kutenga anapempha?"

Madzulo a tsikulo a Lloyd anagamula: galimoto ndi ya mbumba, isatuluke pabwalo, makiyi asunge Emmie poti ndiye wamkulu. Brighton sanatsutse. Anapereka makiyi ndi manja awiri, atanjuta. Lilian anangomuyang'ana mkulu wakeyo osaphethira.

Emmie anawamanga makiyiwo pansonga ya chitenje. Sabata yonse anayenda nawo akulira ngwerengwere, mtima uli myaa.

Loweruka anamva kulira kwa zitsulo kuseri. Anapeza Brighton atatsegula boneti, batire ili kale pansi, jeke italowa kunsi kwa tayala lakutsogolo.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikutenga zanga, alamu. Batire ndi matayala awiriwa ndinabwereka kugalaja. Zanu sindikhudza, njerwa zija ndibwezerapo bwinobwino."

"Ndiye idzayenda bwanji?"

"Makiyi muli nawo," anatero Lilian ali pakhonde. "Kwerani, achemwali, nkhuku zikukankhani."

Emmie anayang'ana batire, anayang'ana matumba asanu ndi limodzi a nandolo amene anatsamira khoma lake. Mavenda a m'mudzi ankagula motchipa ngati akugula madeya, pomwe ku Liwonde mtengo unali wabwino. Panjinga Hilary akanapita kangati?

"Inu mumafuna muziyenda nokha ndi mkazi wanu, ife tizikuwombera m'manja," anatero, mawu atatsika pang'ono.

Brighton anapukuta manja pasanza. "Ine ndiyenda nthawi yanji? Lolemba mpaka Lachisanu ndili kunsi kwa magalimoto a eni ku Balaka. Imeneyi imafuna dalaivala wa pompano, azinyamula nsomba za amalonda ku Chiuta. Ndinawapempha bambo a Mtendere mwezi watha kuti ndiwaphunzitse. Anakana."

"Anakana?"

Hilary anali pamthunzi akumata chubu cha njinga yake. Anawerama kwambiri ngati bowolo lathawira pansi.

"Bambo a Mtendere, ndi zoona?"

"Iyayi, kufuna ndimafuna," anayankha Hilary motsitsa. "Koma ndimakudziwa, mai a Mtendere. Ukananena kuti ndasanduka wantchito wa mwamuna wa mng'ono wako. Ndinaona kuti bola kupalasa, pakhomo pakhale bata."

Lilian anatsegula pakamwa, koma Brighton anamuletsa ndi diso.

Emmie anaima pamenepo, nkhope ikutentha. Zinali zoona, akanatero ndithu, mwinanso mawu ake akanaposa pamenepo. Kupepesa kunamukanika. Anamasula mfundo ya chitenje ndi mano.

"Siyani chubucho," anauza mwamuna wake. "Dzukani. Gwirani batireyo, alamu akuonetseni pomwe imakhala."

"Nanga achimwene anu aja?" anafunsa Brighton.

"Ndinawayatsa ndine, ndikawazimitsa ndine. Mbuzi yanga yaikazi ija ikagulitsidwe pa Ntaja, ndiye laisensi ya bambo a Mtendere imeneyo." Anaponya makiyi m'manja mwa Hilary, nkutembenukira kwa mng'ono wake. "Koma iwe Lilian, umve. Ulendo woyamba ndi wa nandolo wanga, ndipo kutsogolo ndikhala ine. Iwe ukakwera pamatumba."

"Khalani, achemwali," anatero Lilian. "Chitseko cha mbali imeneyo sichitsekeka. Mukachigwira ndi dzanja mpaka ku Liwonde."

"Ndikachigwira," anatero Emmie, nkuuyamba wa kwa a Lloyd.