Kabokosi ka Tsiku Lopezeka

Chidziwitso chija chinayamba kuoneka mvula itangosiya. Bambo wotchedwa Sitinafike akatsegula pulogalamu yomwe ankakonzera webusaiti, pamwamba pa sikirini pankabwera kamzere kachikasu. Kankanena kuti mtundu watsopano wa pulogalamuyo ukubwera, ndipo sudzagwiranso ntchito ndi detabesi yakale, komanso sudzamva chinenero chakale cholembera masikiripiti, timalamulo touza kompyuta zochita. Iye ankakatseka ngati akuingitsa ntchentche. M'mawa mwake kankabweranso.

Ofesi yawo inali chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali. Pokwera unkadzera masitepe achitsulo a kunja, amene ankalira munthu akangopondapo, moti mlendo ankamveka asanaoneke. Bungwelo linayamba chaka chimene madzi osefukira anakokolola theka la tauni, ndipo ntchito yake inali imodzi: kusunga mayina a anthu osowa ndi kudziwitsa abale munthu akapezeka. Poyamba antchito ankachita kupondana mmenemo. Tsopano munatsala anthu awiri, Sitinafike ndi alamu ake, alongo a mkazi wake, amene anali mkulu wa bungwelo.

Dzina lakuti Sitinafike anamupatsa ndi alamuwo. Chaka ndi chaka ankamufunsa ngati sinakwane nthawi yotseka mafayilo ena, iye n'kungoyankha kuti sitinafike pamenepo. Mapeto ake ngakhale mayi wogulitsa penti ankamutcha choncho.

Detabesi ija iye ankaitcha nkhokwe. Munthu wosowa aliyense anali ndi mzere wake mmenemo: dzina, chithunzi, malo amene anaonekera komaliza, nambala ya foni ya wachibale, ndipo kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kabokosi ka tsiku lopezeka. Munthu akadali wosowa, kabokosiko kankakhala kopanda kanthu. Akapezeka wamoyo, kaya kuchipatala cha kutali kaya kwa anthu omutola, ankalembamo tsiku. Zotsala inkamaliza ndi sikiripiti yaifupi imene Sitinafike analemba yekha, n'kuitcha kamthenga. Masana alionse kamthenga kankayenda mzere ndi mzere, ndipo kakapeza tsiku latsopano m'kabokosi kankatumiza mawu ku foni ya wachibale: "Wachibale wanu wapezeka ali moyo. Bwerani ku ofesi." Za omwalira kamthenga sikankazidziwa. Zimenezo alamu ankavalira jekete lakuda n'kupita okha.

Mzere wa mkazi wa Sitinafike unali chapakati pa nkhokweyo, ndipo nambala ya wachibale inali ya iye mwini. Chaka choyamba ankauyang'ana m'mawa uliwonse asanavule n'chipewa chomwe. Kenako tsiku lina anagwira mausi, n'kukoka m'mphepete mwa danga la tsiku lopezeka mpaka linatsekeka kuyambira pamwamba kufika pansi. Dangalo linalipobe, koma silinkaonekanso pa sikirini yake. Munthu akapezeka ankatsegula tsamba la munthu yekhayo n'kulembamo. Ndipo kunena zoona, panali patapita nthawi osalemba tsiku la aliyense.

Kamzere kachikasu kaja kanali kosavuta kutseka. Chovuta chinali kampani yosunga webusaiti yawo pa seva, imene inadziwitsa kuti mwezi ukamatha izimitsa mtundu wakale kwa aliyense. Alamu anawerenga uthengawo mokweza, ataima kumbuyo kwa mpando wake.

"Alamu, lero tafika pamenepo," anatero. "Mukakana, webusaiti ifa, ndiye inu ndi ine tizikasakaniza penti pansipa."

Sitinafike anayankha kuti nkhokwe yakale sinatayepo munthu. Alamu anati ngakhale nsapato zakezo sizinatayepo phazi, koma zala zinayamba kalekale kusuzumira panja. Anaseka okha, kenako anakhala pa desiki n'kunena motsitsa mawu kuti mtundu watsopano ndi wabwino, umatseguka msanga pa mafoni, ndipo kampaniyo yapereka chida chosamutsira zonse kuchoka m'nkhokwe yakale kupita m'yatsopano. Iye ntchito yake n'kungolembanso kamthenga m'chinenero chatsopano basi. Sitinafike anangotulutsa magalasi m'thumba. Alamu anadziwa kuti kumeneko ndiko kuvomera kwake.

Mlungu umenewo kunabwera mayi wa ambulera. Anali mmodzi mwa anthu ochepa amene ankakwerabe masitepe aja. Ambulera yawo yakuda sinkatsala, kaya kuli dzuwa kaya mitambo, ndipo pokwera ankaigwiritsa ntchito ngati ndodo, choncho kulira kwa masitepe awo kunali kwa miyendo itatu. Mwana wawo anali telala, ndipo tsiku la madzi lija anaoneka komaliza atasenza makina osokera a mnzake. Makina ake enieni anatsala kunyumba, ndipo mayiwo ankawathirabe mafuta.

Anakhala pa benchi, n'kutulutsa foni m'kapepala ka pulasitiki komwe ankaikulungamo, n'kupempha Sitinafike aone ngati ikugwira ntchito. Inkagwira. Nthawi zonse inkagwira. Kenako anati amva kwa mayi wa penti kuti makina akusinthidwa.

"Posamuka mbale zimasweka, mwananga," anatero. "Wanga uja sagwera panjira?"

"Sagwa, mayi. Ndimunyamula ndekha."

Mayiwo anakulunganso foni yawo. Anati dokotala wawaletsa kukwera masitepe chifukwa cha mtima, koma dokotalayo ana ake onse amagona m'nyumba. Tsiku limene kafoni kameneka kadzalire ndi mawu aja, anatero, adzabwera chothamanga, dokotala afune asafune.

Atapita, Sitinafike anayamba ntchito. Chinenero chatsopano chinali ngati nyumba ya eni: zinthu zonse zilimo koma sudziwa pamene aika supuni. Anachiphunzira pang'onopang'ono, akulakwa, akufufuta, mpaka kamthenga katsopano kanaima. Sanasinthe nzeru yake. Lamulo linali lomwe lija: ukapeza tsiku m'kabokosi ndipo uthenga sunapite, tumiza.

Munthu wosamala sasamutsa katundu asanayese njira. Anakopera nkhokwe yonse pambali kuti ayesere pa kopeyo, ndipo anadula kaye njira ya mauthenga kuti poyesapo pasapite kanthu ku foni ya munthu. Chida chosamutsira chinamufunsa mafunso angapo, lililonse ndi yankho lake lochongedwa kale. Limodzi linanena kuti nkhokwe yatsopano sikonda malo opanda kanthu, ndiye kodi mabokosi osalembedwa adzazidwe okha? Yankho lochongedwa linali lakuti inde.

Dzanja lake linaima pa mausi. Anaganiza za mabokosi opanda kanthu amene ankawaona tsiku ndi tsiku: anthu opanda dzina lachiwiri, opanda chithunzi, opanda nambala ya nyumba. Maganizo ake anayenda chakumanja, n'kufika pafupi ndi kabokosi kena, kenako anakalambalala monga phazi lozolowera limalambalalira dzenje la panjira. Nthawi yomweyo alamu anafunsa ali kudesiki kwawo ngati kompyuta yamulodza, popeza wakhala akuiyang'ana ngati mkamwini wolandira mlandu. Sitinafike anadina kuti ipitirire.

Kope yoyeserayo inatuluka bwino. Anakhala masiku akuiyerekeza ndi nkhokwe yakale, dzina ndi dzina, nkhope ndi nkhope. Anapeza telala uja ali pamalo pake, akumwetulira ndi tepi yoyezera m'khosi. Anapeza mkazi wake. Palibe amene anagwera panjira. Chida chija chinali chaulemu moti chinasamutsa ngakhale kaonekedwe ka sikirini yake monga anakasiyira, danga lotsekedwa lija lili chitsekekere.

Komabe mtima wake sunakhale pansi. Ankamva ngati munthu amene watuluka m'nyumba n'kumakayikira ngati wazimitsa mbaula. Anauza alamu kuti adikire kaye mlungu wina. Alamu anamufunsa chimene chalakwika, iye n'kulephera kuchitchula. Ndiye alamuwo anamuuza kuti mantha opanda dzina ndi njala chabe, ndipo mwezi sudikira munthu. Anawonjezera, osamuyang'ana, kuti nawonso mlongo wawo ali mmenemo, asamachite ngati wosowedwa ndi iye yekha.

Anasamutsa m'mawa wa tsiku lotentha, kumwamba kuli mbuu ngati kukufuna kugwa mvula yosayembekezeka. Mafunso anali omwe aja, mayankho omwe aja. Kamzere kobiriwira kanayenda mpaka kumapeto. Webusaiti inatseguka msanga monga analonjezera, zithunzi zikuwala kuposa kale. Sitinafike analumikizanso njira ya mauthenga, n'kudzutsa kamthenga katsopano kuti kadikire nthawi yake ya masana. Kamzere kachikasu kaja sikanaonekenso, ndipo pamwamba pa sikirini panaoneka pambalambanda.

Alamu anasangalala ngati apambana mlandu. Anamukoka kuti atsike akamwe chozizira pakhonde la sitolo, akuti lero agula ndi iwo, alembe tsikuli penapake chifukwa sizichitikachitika. Anakhala pa zitini za penti zopanda kanthu. Mayi wa penti anafunsa ngati tsopano dzina lisinthe akhale Tafika. Msewu unali zii, anthu atabisala dzuwa, galu atagona pansi pa galimoto yakufa ya tsidya lina.

Foni ya Sitinafike inanjenjemera m'thumba la malaya.

Anaitulutsa mosafulumira, botolo lili kudzanja lina. Mawuwo anali ake omwe, analemba yekha zaka zapitazo, n'kuwakopera yekha m'chinenero chatsopano. Wachibale wanu wapezeka ali moyo. Bwerani ku ofesi.

Ankadziwa kuti palibe amene walemba tsiku m'kabokosi kalikonse. Makiyi a ofesi anali m'thumba mwake. Komabe kwa kamphindi thupi lake silinamvere zimene mutu unkadziwa. M'makutu munalira, ndipo anadzipeza akuganiza kuti kunyumba sanasese, ndipo makatani amene mkazi wake anasoka anathetheka ndi dzuwa. Kenako kumwamba, kuseri kwa zenera la ofesi, foni ya padesiki inayamba kulira. Ya alamu nayo inalira m'thumba la buluku.

Anaika botolo pansi bwinobwino n'kukwera masitepe. Alamu ankamutsatira, foni ili kukhutu, akuuza munthu wina kuti ayambe wadekha, alankhule mmodzimmodzi, wapezeka ndani?

Sitinafike anakhala pa mpando, n'kugwira mausi, n'kukoka m'mphepete muja mmene sanakhudze kwa zaka. Danga linatseguka. Munalibe kabokosi kopanda kanthu ngakhale kamodzi. Kuyambira pamwamba mpaka pansi, m'mabokosi onse a anthu osapezeka munali tsiku limodzi lokhalokha, tsiku la lero. Nkhokwe yatsopano inali itadzaza malo onse osalembedwa monga anailolera, ndipo kamthenga kanachita ntchito yake mokhulupirika. Anathamangira kukaimitsa, koma katsopanoka kanali kachangu kuposa kakale. Kanali katafika kale pa dzina lomaliza.

Alamu anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali. Foni yawo inasiya kulira n'kuyambanso. Sanamukalipire. Anangofunsa ngati n'zotheka kutumiza uthenga wina msanga, wopepesa. Sitinafike anati n'zotheka, ndipo zala zake zinayamba kulemba, koma onse awiri ankadziwa kuti munthu amene walandira mawu oyamba aja sakhala pansi kudikira achiwiri. Ena anali atatseka kale misika yawo. Ena anali akuimbira abale a kutali. Pawindo, kumapeto kwa msewu umene unali zii uja, kunayamba kuoneka anthu, awiri apa, mmodzi apo, onse akuyenda mofulumira kulowera mbali imodzi.

Uthenga wopepesa unapita. Foni ya padesiki sinaleke.

Kenako masitepe analira. Sanalire miyendo itatu monga mwa masiku onse. Inali miyendo iwiri, yofulumira, yoima pakati kuti mwini wake apume, n'kuyambanso. Sitinafike anasuzumira pazenera la pachitseko. Mayi aja anali opanda ambulera, nsapato imodzi itamasuka lamba, foni ili m'manja yosakulunga. Pamkono anakoleka malaya aamuna ositidwa bwino. Nkhope yawo inali yoti iye sanaionepo, ya munthu wocheperako zaka.

Alamu anatambasula dzanja kufuna jekete lakuda lomwe linkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko.

"Ndiwauze ine, alamu?"

"Ayi," anatero Sitinafike. "Ndinati ndimunyamula ndekha."

Anabwerera pa kompyuta, n'kupeza mzere wa telala, n'kufufuta tsiku lija mpaka kabokosi kanakhalanso kopanda kanthu. Mzere wa mkazi wake unali pafupi pomwepo, tsiku la lero likuwala kumapeto kwake. Anauyang'ana, dzanja lili pa mausi, koma panja mayi aja anali atafika pa sitepe yomaliza, akupuma mwaphuma, akuitana dzina la mwana wawo chapansipansi ngati angamudzutse. Anasiya mausi, n'kukoka benchi kuti ikhale pafupi ndi khomo, n'kutsegula chitseko.