Nthambi pa Khomo la Zipora

Chaka chimene matipate analowa, aliyense kumidzi ya ku Mitundu anasanduka mwini mawu. Ngakhale adzukulu okumba manda anayamba kuchititsa misonkhano, ndipo anagwirizana kuti wosapita kumaliro a anzake adzakumba yekha manda a m'bale wake.

Lamulolo linayambira pa Zipora, amene anagontha ali wakhanda. Kale kukagwa zovuta, mayi ake ankamukoka chitenje n'kumulozera njira. Koma mayiwo anagona chaka chathunthu, osayenda, osalankhula, ndipo maliro anayi anadutsa Zipora ali kudimba. Tsopano mayiwo anamwalira, ndipo a Efulemu, mkulu wa adzukulu, anangokhala pachitsa, khasu lili pansi.

"Akumbe yekha," anatero. "Ifenso tili nawo madimba."

Kunena zoona, zinkawakomera. Iwo ndi amene ankalengeza maliro m'mudzimo, mawu awo othawitsa agalu, ndiye wina osabwera? Chinali chipongwe.

Martina, woyandikana nyumba ndi Zipora, anafika manja ali m'chiuno.

"Pepani a Efulemu, maliro anayi aja analengeza ndani?"

"Ndine."

"Munalengeza bwanji?"

"Ndi pakamwa, nanga n'chiyaninso?"

"Ndiye Zipora akanadziwa bwanji?"

A Efulemu anakanda kumutu. "Nanga inu, poti makomo anu ndi openyana, munamuuza?"

Martina nayenso anazyolika.

Nthawi yomweyo onse anangoona Zipora akudutsa, nsalu atamanga m'chiuno, khasu paphewa, kulunjika kumanda yekhayekha. Palibe amene anamuuza za lamulo lija, anangoliwerenga pankhope zawo. Manyazi anawagwira a Efulemu koopsa. Anamuthamangira n'kulandira khasulo ndi manja awiri, ndipo adzukulu onse anadzuka.

Ataika maliro, a Efulemu anathyola nthambi yaiwisi, yonga imene amaika pamsewu kukakhala zovuta. Anamuonetsa Zipora, analoza kumanda, n'kuiika pakhomo pake. Iye anagwedeza mutu kuvomera.

M'dzinja a Efulemu anataya mng'ono wawo, Isake. Chisoni chinawaiwalitsa zonse, moti za nthambi anakumbukira dzuwa litakwera. Anathamanga nayo mtima uli m'mwamba, akudzitukwana njira yonse.

Pakhomo la Zipora anapezapo kale nthambi zitatu: ya mango, ya bulugama ndi ya gwafa. Anthu atatu anakumbukira, aliyense payekha, osauzana. Mwini nyumba panalibe. A Efulemu atabwerera kusiwa anamupeza akutula ndowa yachinayi ya madzi.