Khoma la Kudamu

Ernest anali atatsamiritsa kale makwerero pakhoma pamene Feliya anatuluka m'nyumba. Panali patangopita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Levison m'manda, maluwa a pamtumbira asanafote n'komwe, koma mlamu wakeyo anali ndi hamala m'manja.

"Alamu, mukufuna kutani?"

"Tiphwasule tokha, mlamu. Akabwera a khonsolo ndi chimakina chawo sasankha, malata ndi njerwa zonse zisanduka zinyalala. Ndiponso achimwene atsirizikira m'chipinda chomwechi. Kwathu nyumba ya malemu timagwetsa, mwaiwala?"

Ernest sanali munthu woipa ayi, kungoti anali m'gulu la anthu aja okumbukira mwambo pokhapokha ukagwirizana ndi zimene aganiza kale.

Nyumbayo inali m'mphepete mwa damu, kunja pang'ono kwa Kasungu Boma. Chaka chathachi, atagulitsa fodya, Levison anawonjezera chipinda kumbuyo, mbali ya kumadzi, n'kuchilumikiza ndi mpanda wa njerwa uku ndi uku. Ankadziwa kuti lamulo limafuna mpata pakati pa nyumba ndi madzi, ndipo anayeza ndithu, ndi chingwe chomangira fodya. Kulakwa kwake kunali kumodzi kokha: anayeza mu Okutobala, damu litaphwa mpaka ng'ombe kumadya msipu pamene pankayenda mabwato. Mvula itagwa madzi anabwerera kwawo, ndipo a khonsolo anadzapaka chizindikiro chofiira pakhomapo. Levison anakapempha chilolezo chapadera. Yankho lisanabwere, matenda a kuthamanga kwa magazi anamutenga.

Chomuopsa Feliya sichinali malata. Mwana wawo yekhayo, Ezelina, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali ndi matenda akugwa. Akatsala pang'ono kugwa ankangoyenda osadziwa kumene akulowera. Kawiri konse anam'tola m'bango, ulendo wachiwiriwo nkhope ili m'madzi. Chipindacho ndicho chinatseka njira yotsikira kudamu, ndipo chiyambire malirowa Feliya sankatha n'kuyang'ana komwe madziwo.

"Mukagwetsa, mwanayu nditani naye? Ndizim'manga chingwe ngati mbuzi?"

Ezelina anali pakhonde. Atam'meta tsitsi la maliro, zipsera zonse za m'mutu mwake zinali poyera.

Ernest asanayankhe, njinga yamoto inaima pachipata. Anatsika mayi wovala chijekete chowala, faelo ili m'khwapa.

"Ndine Mayi Comfort Chisale, ndachokera ku khonsolo. Pepani ndi zovutazi, ndamva m'njira. Ndabwera kudzayeza, malinga ndi pempho la malemu."

"Mwadzagwetsa?"

"Ine ndimangoyeza, mayi. Ogamula ndi a komiti. Khomo lotulukira kumadzi lili kuti?"

"Kulibe. Tizungulira kumsewu."

Anazungulira atatuwo, kudutsa m'munda wa fodya wa aneba, mpaka kuseri kwa chipindacho. Madzi anali pafupi kuposa mmene Feliya ankaganizira, akuda bii, akugwedeza udzu mwakachetechete. Mayi Chisale anakoletsa kachitsulo ka tepi yawo yoyezera pangodya ya khoma n'kuyamba kubwerera chafutambuyo. Kachitsuloko kanaterereka. Anakoletsanso, kanatererekanso. Kachitatu anapempha Ernest kuti agwirire ndi chala.

"Akuperewera mamita anayi," anatero atafika pamadzi.

Feliya anangokhala pansi, pamatope pomwepo. Ankafuna kupempha, kugwada, kulonjeza chilichonse. Koma m'maganizo ankangoona Ezelina akutsika kamtunda kameneka yekha, iye ali kuchigayo kapena kutchalitchi.

Mayi Chisale sanalembe msanga. Anabwerera pangodya ija n'kuiyang'anitsitsa.

"Anamanga ndani pano? Ngodya yopanda nsonga chonchi sindinaionepo."

"Malemu eni ake," anayankha Feliya motsitsa mawu. "Zonse zili choncho. Kaloweni muone."

Anazunguliranso kumsewu n'kulowa m'chipindamo. Mphuthu za chitseko, m'mphepete mwa windo, sitepe ya pakhomo, ngakhale kashelefu ka simenti koikapo nyali, zonse zinali zobulungira, zosalala ngati mtsuko.

"Ankasalaza ndi botolo simenti isanaume," anatero Feliya. "Ankati mwana wanga sindingamuletse kugwa, koma chom'tema mutu m'nyumba mwanga chisapezeke."

Mayi Chisale anayang'ana kunja, pakhonde pamene panali Ezelina, kenako anatsegula faelo.

"Pafomu anangolemba kuti chipinda chogona. Bwanji sanalembe zimenezi?"

"Sankafuna kuti matenda a mwana wake aziwerengedwa m'maofesi."

Mayiyo analemba kwa nthawi yaitali, mpaka kutembenuza pepala.

"Sindikulonjezani, mayi, lamulo la madzi ndi lolimba. Komiti ikumana Lachinayi. Mubwere ndi mwanayo ndi buku lake la kuchipatala, ine ndikalankhula zimene ndaona. Koma kufikira tsikulo, munthu asachotse ngakhale msomali."

Njinga ija inalira n'kumapita. Lachinayi linali kutali ndi masiku atatu, ndipo mantha a Feliya sanathe, anangosuntha pang'ono kuti apeze popumira.

Ernest anatsalira m'chipindamo. Feliya atasuzumira anamuona ataima pakhomo, chikhatho chili pamphuthu.

"Mwezi wathunthu ndinkawaseka," anatero Ernest osatembenuka. "Ndinkati achimwene, kumanga kwakukanikani, itanani mmisiri. Iwo ankangoseka nane."

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, kutsata mphuthuyo mpaka m'chiuno, mpaka m'mawondo, kenako anagwada n'kupapasa pansi penipeni, pamene palibe amene akanayang'anapo. Naponso panali posalala.