Kazembe Wopita kwa Che Usumani

M'chaka cha 1974, aphunzitsi Lyford Nyakamera anatsimikiza mtima kupezera mkazi mwana wawo mmodzi yekhayo, osamufunsa, n'cholinga choti iwo apeze dimba. Limeneli ndi tchimo lakale, ndipo maphunziro salichotsa mumtima mwa munthu. Amangomupatsa mawu abwino olifotokozera.

A Nyakamera anali ochokera ku Nsanje, kumene mkazi akakwatiwa amapita kwa mwamuna. Ankaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya mishoni pafupi ndi Nsanama. Phunziro limene ankalikonda linali la mafumu a ku Ulaya, pakuti mafumu amenewo onse anafa kalekale, ndipo munthu ankatha kuwadzudzula m'kalasi popanda kuitanidwa kukafotokoza kwa atsogoleri a chipani.

Chimene chinkawasangalatsa kwambiri ndi nzeru ya mafumu a ku Austria. Mafumu anzawo ankataya asilikali pofuna dziko. Iwo ankangotumiza kazembe kukapempha mwana wamkazi wa mfumu ina, ndipo mwanayo ankabwera atasenza dziko la atate wake.

Kumunsi kwa sukuluyo kunali dimba lachonde, losauma ngakhale m'chilimwe. Linali la kwa Che Usumani, Msilamu wogulitsa nsomba zouma pamsika. Chaka ndi chaka aphunzitsi ankabwereka kachigawo ka dimbalo n'kulimamo matimati ndi kabichi, ndipo chaka ndi chaka ankayenera kuvula chipewa pokapempha. Kuvula chipewako n'kumene kunkawapweteka. Che Usumani anali ndi mwana wamkazi, Sakina. Aphunzitsi anali ndi Yoram, mnyamata wamphamvu amene anali atangolonjezedwa ntchito panjanji ya ku Nayuchi.

Anaitana mphunzitsi mnzawo, a Chester, mbadwa ya ku Phalula, nawauza kuti akhala kazembe.

"Kazembe wa dziko liti, achimwene?" anafunsa a Chester.

"Wa nyumba yanga. Mukaonane ndi Che Usumani."

"Nkhani ya ukwati kuno amauza atsibweni a mtsikana, osati bambo wake. Komanso mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi. Mwakhala kuno zaka zonsezi, simunaone?"

"Ndinaona. Zimenezo amachita anthu osapita kusukulu. Mfumu imalankhula ndi mfumu inzake."

A Chester anabwereka taye, anakwera njinga, napita kumsika. Anapeza Che Usumani akuingitsa ntchentche pa mulu wa matemba. Atamva uthengawo, Che Usumani anavomera zonse: mwana, dimba, ngakhale mtsinje wodutsa m'mbali mwake. Munthu savutika kupereka chinthu chimene si chake. Iwonso anali mkamwini pamudzipo, ndipo dimbalo linali la mbumba ya akazi awo. Kazembe anadziwa zimenezi, koma sanatumidwe kukabweretsa maganizo ake. Anabweretsa yankho.

Madzulo a tsikulo aphunzitsi anauza Yoram za ukwatiwo.

"Ababa, nanga ntchito yanga ya kunjanji?"

"Njanji siithawa."

"Mtsikanayo sindinalankhulepo naye."

"Ana a mafumu ankangoona chithunzi chojambulidwa ndi utoto. Iwe wamuona ndi maso ako kuchitsime. Uli ndi mwayi."

Yoram analeredwa mosayankha atate wake kawiri.

Nkhani itafika kwa Che Sadiki, atsibweni a Sakina ndiponso mwinimbumba, iwo anabwera kudzaona mnyamatayo. Anayang'ana mapewa ake ndi zikhatho zake, nakhutira. Anangonena chinthu chimodzi: mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu amene si Msilamu. Apa munthu wanzeru akanaima. Aphunzitsi, amene ankawerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu lililonse, anakumbuka kuti ku Ulaya akalonga ankasintha chipembedzo pofuna mpando wachifumu. Anavomera. Yoram anapita kwa shehe, nabwerako ali Msilamu, dzina lake Hassani.

Ukwati unamangidwa mwezi wa Ogasiti. Aphunzitsi anali atamangitsa kanyumba ka njerwa kuseri kwa nyumba yawo, koti mukhale banja latsopanolo. Anadikira mlungu wathunthu. M'kanyumbamo simunalowe munthu. Anavala jekete napita kwa Che Sadiki, amene anawapeza atakhala pamkeka akusoka thumba.

"Ndabwera kudzatenga mpongozi wanga," anatero aphunzitsi.

"Kupita naye kuti?"

"Kunyumba kwa mwamuna wake."

"Nyumba ya mwamuna wake ndi iyo apo. Akuifolera yekha. Mnyamata wabwino, aphunzitsi, munalera."

"Nanga dimba? Che Usumani analonjeza."

"Alamu angawo? Iyayi. Aja akhoza kukulonjezani ndi mwezi womwe. Pano chawo ndi njinga ndi dengu la matemba."

Aphunzitsi anayamba kufotokoza za mapangano a pakati pa mayiko, ndi manyazi amene amagwera ufumu wophwanya mawu a kazembe. Che Sadiki anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, akusokabe.

"Mafumu amenewo," anafunsa, "analibe atsibweni?"

Kenaka anawonjezera nkhani ina imene anati akanabwera nayo okha mawa lake. Mkamwini watsopano amapatsidwa polima. Banja linakhala pansi, ndipo linaona kuti malo abwino ndi kachigawo kaja ankabwereka aphunzitsi, popeza kanali kothiridwa kale manyowa.

Hassani anatsika padenga, anagwada, napereka moni kwa atate wake. Sanadandaule ndipo sanawaperekeze.

Makolo amene mumawerenga mabuku, chenjerani. Mwana si katundu wosinthanitsa, ndipo mwambo wa anthu amene mukukhala nawo sutha chifukwa choti inu mwaunyoza.

A Nyakamera sanalimenso m'dimbamo. Ntchito ya kunjanji anapatsidwa munthu wina. Adzukulu awo anabadwa anayi, onse a mbumba ya Che Sadiki. Pamene aphunzitsi anapuma pantchito n'kubwerera ku Nsanje, anakwera sitima okha ndi akazi awo, ndipo mwana wawo sanapite nawo.