Mapesi a Raisa ndi Mbuzi za a Idi

Tangoganizani: kodi Raisa wa ku Chipoka anatchinga munda wake ndi chiyani, chaka chimene udzu wonse unapsa ndi moto wolusa?

M'mawa wina anapeza mbuzi za mwamuna wake, a Idi, zikudya mapesi amene anayala m'munda. Mapesiwo sanali zinyalala. Kampani ina ya ku Lilongwe inali italonjeza kalabu ya ulimi ya Raisa ndi amayi anzake mbewu ya chitowe, pampu yoyendera dzuwa ndi msika, koma kwa okhawo ophimbira nthaka kuti isunge chinyontho. Mlangizi wa kampaniyo ankayembekezeka kubwera Lachisanu, ndipo wopezeka ndi munda wosaphimbira ankayenera kuchotsedwa m'kalabumo.

Raisa anapirikitsa mbuzizo mpaka kunyumba. A Idi anali pansi pa mtengo wa mango akusoka chilimira, ukonde wawo waukulu wophera usipa. Mwezi unali wowala, choncho sankapita panyanja.

"Bambo a Shukuru, mbuzi zanu zikundithera mapesi!"

"Zalakwanji?" anayankha a Idi osadzutsa mutu. "Chikhalire, anthu akakolola munda umakhala wa mbuzi."

"Chaka chatha mvula itadula, tinadya mwambo umenewo?"

"Mayi a Shukuru, mbuzi sizinalowe nawo kalabu yanuyo. Walira mvula walira matope. Katchingeni."

"Nditchinge ndi chiyani?"

"Chilichonse chimene mungapeze. Ine ndapita ku bawo."

"Mwanena nokha," anatero Raisa, nakaitana amayi anzake a m'kalabu kuti abwere ndi zikwanje.

A Idi pobwerera anamva nthungululu kumunda. Atafika n'kuona mpandawo, anagwira pakamwa.

"Mwapenga kodi? Mwezi ukada ndiwauza chiyani anyamata anga apanyanja?"

"Muwauze kuti mbuzi sizinalowe nawo kalabu," anatero Raisa, manja ali m'chiuno. "Munda uno anandisiyira mayi anga, ndipo msika umenewu sundidutsa. Mukamanga khola, mpandawu ndiuchotsa ndekha."

Amayi aja anaseka chikhakhali. A Idi anayang'ana uku ndi uku, koma wowaikira kumbuyo panalibe. Anabwereka chikwanje kwa mmodzi wa amayiwo, nalowera kukadula mitengo ya khola.

Lachisanu mlangizi anapeza mapesi ali gwa m'malo mwake, ndipo Raisa anakhalabe m'kalabu. Mpanda wake unali chilimira cha a Idi.